Za chingamu, mantha tawaika polakwika

Akonzi,

Tiloleni danga m'nyuzipepala yanu tikambepo za kanthu kamene ambiri amakaona ngati nkhani ya ana, chingamu. Ndife ogwira ntchito za umoyo kuno ku Harare, ena ku mbali ya mano, ena kufamase. Chatilembetsa kalatayi n'chakuti m'makomo mwa anzathu olankhula Chichewa ku Mbare, ku Mufakose, ku Mabvuku ndi ku Dzivarasekwa, mwana akameza chingamu mudzi wonse umadziwa chifukwa cha phokoso la mayi ake, pomwe mayi omwewo ndi amene m'mawa uliwonse amamupatsa ndalama yogulira tizidutswa tinayi kapena tisanu ta chingamu cha shuga pakagolosale ka pafupi ndi geti la sukulu. Chimene akuchiopa sichiopsa kwenikweni. Chimene chikubowola mano a mwanayo akuchilipira okha.

Tiyambe ndi chimene munthu amatafunacho. Kale chingamu chinkapangidwa ndi utomoni wa mtengo wa sapodilla, umene umamera ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo, ndipo eni kumeneko ankautafuna Azungu asanafike. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mafakitale ambiri anasiya utomoniwo n'kuyamba kugwiritsa ntchito zopanga okha. Lero gawo lotamuka lija, limene limatsala kukoma kukatha, ndi msakanizo wa mitundu ya pulasitiki ndi labala, monga polyvinyl acetate ndi polyisobutylene, kuphatikizapo phula ndi zofewetsera. Yoyambayo ndi mbale wake wa guluu woyera wa akalipentala, yachiwiriyo ndi ya mtundu wa labala wa machubu a matayala, kungoti za m'chingamu zimayeretsedwa kufika pa mlingo wololedwa m'zakudya. Pamwamba pa zimenezi amathirapo zotsekemeretsa, zonunkhiritsa ndi utoto. Malovu amasungunula zotsekemera ndi zonunkhirazo, koma gawo lotamukalo ngakhale mimba siiligaya.

Apa ndi pamene panachokera mphekesera yoti chingamu chikamezedwa chimamata matumbo kapena chimakhala m'mimba zaka 7. Si zoona. Matumbo ndi oterera ndipo amakankha chilichonse chimene chalowamo, chogayika ndi chosagayika chomwe. Kachidutswa kamodzi kamatuluka ndi chimbudzi pasanathe masiku awiri kapena atatu, monga zimachitira njere za gwafa. Palibe chifukwa chomwetsera mwana mafuta ophikira, mankhwala otsegula m'mimba kapena kumukolosola kukhosi kuti asanze. Kumusanzitsa dala ndiye kuputa ngozi yomwe kunalibe, chifukwa masanzi atha kulowera njira ya mpweya.

Pali pamodzi pokha pofunika kusamala. Mu 1998 madokotala a ana ku America analemba za ana atatu amene chingamu chinawatseka njira ya chakudya. Awiri anali ndi chizolowezi chomeza tizidutswa tambiri tsiku ndi tsiku, mpaka chinaumbika chibuma chimene chinatseka kumapeto kwa matumbo. Wachitatu, wachichepere kwambiri, anameza chingamu pamodzi ndi makobidi, zonse n'kumatana kummero. Choncho mwana amene amameza chingamu masiku onse, ndiye wayamba kudzimbidwa kwa masiku angapo, mimba yatupa, akusanza kapena akulira ndi ululu, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukawauze adokotala za chizolowezicho chifukwa iwo sangachilote.

Ngozi yeniyeni kwa ana aang'ono ndi kutsamwa. Mwana wosakwana zaka 5 asapatsidwe chingamu ayi. Njira yake ya mpweya ndi yopapatiza, kukula kwake ngati kachala kake kakanise, ndipo chingamu chimafewa n'kutenga mpangidwe wa pamene chakhala, kotero chimatseka ngati chitsekerero cha botolo. Amkulu ake akabwera nacho kuchokera kusukulu amagawira kamng'ono kawo mwachikondi, makolo osadziwa. Ngakhale wamkulu asatafune akuthamanga, akusewera mpira kapena atagona chagada.

Zikachitika, onani kaye ngati mwanayo akutha kutsokomola. Ngati akutsokomola mwamphamvu kapena akulira, mpweya ukudutsa, musiyeni atsokomole ndipo musamumwetse madzi. Koma akangoti zii, kukamwa kuli yasa, mawu osatuluka, milomo ikusintha mtundu, muweramitseni mutu utsike kuposa chifuwa, mum'menye ndi tsinde la chikhatho pakati pa mapewa kasanu, mwamphamvu ndithu. Chikapanda kutuluka, gwadani kumbuyo kwake, ikani nkhonya pamwamba pa mchombo koma pansi pa fupa la pachifuwa, igwireni ndi dzanja linalo, mukokere m'kati ndi m'mwamba kasanu. Bwerezani ziwirizi mosinthana wina akuthamangira galimoto. Khanda losakwana chaka silipanidwa pamimba. Limagonekedwa chafufumimba pamkono wanu mutu uli chotsika, kulimenya pamsana kasanu, kenaka kulitembenuza n'kukanikiza pakati pa chifuwa kasanu ndi zala ziwiri. Cholakwa chimene ambiri amachita ndi kupisa chala kukhosi kufufuza chinthu chimene sakuchiona, ndipo m'malo mochitulutsa amachikankhira m'kati. Mwana amene wapanidwa pamimba akaonedwe kuchipatala ngakhale chitatuluka.

Tsopano shuga. Okhala m'dziko muno akukumbuka kuti kuyambira mu 2009, pamene tinayamba kugulira dola ya ku America, makobidi a chenji kunalibe, ndipo m'masitolo munthu ankabwezeredwa masiwiti ndi chingamu. Makobidi a bond anabwera kumapeto kwa 2014, koma chizolowezi chomalizira chenji ndi zotsekemera sichinatheretu, ndipo zimathera m'matumba a yunifolomu. Chingamu chotupitsa chija, monga Chappies wa ku South Africa amene ambirife tinakula tikuwerenga timapepala take, ndi cha shuga. Mu chingamu cha mtundu umenewu shuga amaposa theka la kulemera kwa kachidutswako.

Mmene dzino limabowokera ndi motere. Pamano pamakhala litsiro loterera, loyererako, limene mungalipale ndi chikhadabo m'mawa musanatsuke m'kamwa. M'litsiromo muli tizilombo, ndipo todziwika kwambiri ndi Streptococcus mutans. Tikalandira shuga timamusandutsa asidi m'mphindi zochepa chabe. Asidi amayezedwa ndi muyezo wa pH. M'kamwa mwabwinobwino muyezowu umakhala pafupi ndi 7, ndipo ukatsika kupitirira 5.5 chophimba cholimba cha kunja kwa dzino chimayamba kusungunuka pang'onopang'ono. Malovu amatenga mphindi 30, nthawi zina mpaka ola, kuti achotse asidiyo ndi kubwezera m'dzino mchere wa calcium ndi phosphate umene wachoka. Dzino limapirira nkhondo zoterezi zikakhala zochepa patsiku, monga pa chakudya cha m'mawa, nkhomaliro ndi mgonero. Limagonja zikamabwera motsatizana popanda mpata wopuma.

Muoneni mwana wa giredi 2 pa nthawi yopuma. Wasenda kachidutswa koyamba, watafuna mphindi zisanu, kukoma kwatha, walavula, wasenda kachiwiri. Kachitatu watafunira m'kalasi mobisa, kachinayi panjira pobwerera. Akanati apitirize kutafuna koyamba kaja kwa mphindi 20, malovu akanatsukako asidi wambiri. Koma ana satafunira malovu, amatafunira kutsekemera, ndiye kachidutswa katsopano kalikonse kamayambitsanso nkhondo ija. N'chifukwa chake timanena kuti kuchuluka kwa maulendo amene shuga walowa m'kamwa n'koopsa kuposa kuchuluka kwa shugayo. Masiwiti asanu odyedwa nthawi imodzi pambuyo pa nsima saononga ngati masiwiti asanu omwewo odyedwa limodzilimodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Msinkhu umenewu ndi woipa pa chifukwa china chimene makolo ambiri sachidziwa. Mwana akafika zaka 6, kumbuyo kwa mano ake aubwana kumamera mano anayi otafunira, awiri pamwamba, awiri pansi. Amamera popanda dzino lililonse kuguluka, choncho makolo amayesa ndi aubwana omwe aja oti adzachoka okha. Amenewa ndi achikulire, ndipo akawola sadzameranso ena. Pamwamba pake pali timing'alu takuya momwe shuga amabisala. Mwimikeni mwana wanu padzuwa, ayasamule, muyang'ane dzino lomalizira mbali zonse zinayi. Mukaona kadontho koyera ngati choko m'mphepete mwa nkhama, kapena kamzere kakuda m'ming'alumo, pitani naye kwa dokotala wa mano lisanayambe kuwawa. Dontho loyera limatha kubwerera ndi mankhwala a fluoride, mchere wolimbitsa mano. Bowo silibwerera, limafuna kumatidwa, ndipo likafika pa mtsempha nkhani imakhala yodula kapena yozula.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga woonjezera asapitirire magalamu 50 patsiku kwa munthu wamkulu, omwe ndi masupuni aang'ono pafupifupi 12, ndipo ndi bwino koposa kukhala pansi pa magalamu 25. Werengani masupuni a mu tiyi wa m'mawa ndi botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi, muona kuti chingamu chimabwera malo atatha kale.

Chingamu chopanda shuga ndi nkhani ina, ndipo pano tichiyamikira. Munthu amatulutsa malovu okwana mamililita 500 mpaka 1,500 patsiku. Akakhala chete amatuluka pang'ono kwambiri, osafika theka la mililita pa mphindi. Akangoyamba kutafuna chingamu amachuluka mpaka kakhumi pa mphindi yoyamba, kenaka amatsika n'kukhazikika pa kawiri kapena katatu kuposa a nthawi zonse. Malovu a potafunawa ali ndi bicarbonate wambiri, mbale wake wa soda wophikira therere, ndipo ndi amene amazimitsa asidi. Tizilombo tija sitingathe kupanga asidi wokwanira kuchokera ku zotsekemeretsa za m'chingamu chotere. Malamulo a zakudya a maiko a European Union amalola opanga kunena kuti chingamu chopanda shuga chimathandiza mano, koma pa mlingo uwu: magalamu 2 mpaka 3, kutafuna mphindi 20, katatu patsiku kapena kuposerapo, pambuyo pa chakudya. Magalamu amenewo ndi kachidutswa kamodzi kakatali kaja kapena tiwiri tating'ono tokutidwa ndi chikhokho choyera.

Kwa munthu amene wadyera nkhomaliro m'tauni, pa Copacabana kapena ku Mbare Musika, kumene sangatulutse mswachi, iyi ndi njira yabwino. Achukuche m'kamwa ndi madzi, atafune mphindi 20 mosinthasintha mbali, alavule. Kupitirira apo phindu latha, chatsala ndi kutopetsa nsagwada. Ndipo chingamu sichichotsa litsiro lokanirira pakati pa mano ndi m'mphepete mwa nkhama. Limenelo limafuna mswachi kawiri patsiku, mphindi ziwiri, ndi mankhwala otsukira mano a fluoride wa pakati pa 1,000 ndi 1,500 ppm, nambala imene imalembedwa pachubu. Mukatsuka lavulani thovu koma musachukuche ndi madzi, kuti fluoride atsale pamano. Mwana wosakwana zaka 3 amuikire mankhwala ochepa ngati kambewu ka mpunga, wa zaka 3 mpaka 6 ngati nsawawa imodzi.

Amene amauma m'kamwa amapindula kwambiri. Mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi, ena a matenda a nkhawa monga amitriptyline, ndi mapiritsi a chimfine monga chlorpheniramine amachepetsa malovu, chimodzimodzinso matenda a shuga osasamalidwa. Munthu wotere mano ake amawolera m'tsinde mofulumira. Ambiri amadzithandiza ndi masiwiti oyamwa tsiku lonse, ndiye kuthira mafuta pamoto. Madzi pafupipafupi ndi chingamu chopanda shuga n'zimene zimathandiza, ndipo mankhwalawo asasiyidwe popanda kufunsa amene anawalemba.

Safunsa anadya phula, ndipo pa chingamu mwambiwu ukukwanira ndendende. Tembenuzani paketi muwerenge. Zopangira zimalembedwa motsatana, chochuluka koposa poyamba. Mukaona mawu akuti sugar, glucose syrup kapena dextrose, n'cha shuga, ngakhale paketiyo ikhale yobiriwira ndi yonunkhira ngati mankhwala otsukira mano. Chopanda shuga chimalembedwa sugar free ndipo chimayamba ndi sorbitol, xylitol, maltitol kapena mannitol. Yang'ananinso citric acid kapena malic acid. Chingamu chowawasa cha fungo la zipatso chimabwera ndi asidi wakewake amene amadya mano ngakhale mulibe shuga, choncho pa nkhani ya mano cha mint chimaposa. Cha fungo la cinnamon chimawotcha anthu ena m'masaya ndi m'mbali mwa lilime, n'kusiya zigamba zoyera kapena zofiira zimene zimapola munthu akachisiya kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Chilonda chilichonse cha m'kamwa chimene chadutsa masabata awiri osapola chikaonedwe, makamaka kwa osuta ndi omwa mowa.

Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Sorbitol ndi anzake aja salowa bwino m'magazi. Amatsala m'matumbo, amakoka madzi, ndipo tizilombo ta m'matumbo aakulu timawawiritsa n'kupanga mpweya. Kachidutswa kamodzi kakatali kamakhala ndi sorbitol woposa galamu imodzi pang'ono. Anthu ambiri akafika magalamu 10 patsiku mimba imayamba kulira ndi kutupa, akafika 20 amatsegula. Mu 2008 madokotala a ku Berlin analemba m'magazini ya British Medical Journal za odwala awiri amene anatsegula m'mimba kwa miyezi yambiri. Mtsikana wa zaka 21 anataya makilogalamu 11, bambo wa zaka 46 anataya 22, ndipo anayezedwa zambirimbiri osapeza kanthu mpaka pamene wina anawafunsa za chingamu. Mtsikanayo ankamwa sorbitol wokwana magalamu pafupifupi 20 patsiku, bamboyo 30. Atasiya, m'mimba munaima. Kwathu kuno munthu akamatsegula m'mimba ndi kuwonda timaganiza za madzi akumwa, taifodi, TB kapena kachilombo, ndipo n'koyenera kuyezetsa zimenezo poyamba. Koma zikapezeka kuti palibe, awerenge mapaketi amene amatha pa tsiku asanamwe maantibayotiki achitatu. Ana amatsegula ndi mlingo wochepa kuposa akuluakulu.

Odwala shuga atha kutafuna chopanda shuga mosaopa, koma adziwe ichi. Shuga akatsika m'thupi, munthu akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, maso akuchita chidima, chingamu chimenechi sichingamudzutse. Pamafunika magalamu 15 mpaka 20 a shuga weniweni, monga masupuni aang'ono anayi osungunula m'madzi, kenaka kudikira mphindi 15 ndi kubwereza ngati sizinasinthe. Wakomoka asamwetsedwe kanthu, athamangire naye kuchipatala. Ndipo amene wauzidwa kuti abwere kudzayezetsa magazi asanadye, chingamu nachonso achisiye m'mawa umenewo.

Xylitol anatchuka ndi kafukufuku wa ku Turku m'dziko la Finland m'zaka za m'ma 1970. Tizilombo ta mano sitimudya. Ngati amaposadi zotsekemeretsa zina poteteza mano, akatswiri sagwirizana, ndipo ife sitingauze munthu kuti alipire ndalama zowirikiza chifukwa cha dzinalo. Chotsimikizika n'chakuti xylitol amapha agalu. Thupi la galu limamuyesa shuga n'kutulutsa insulin wambiri nthawi imodzi, yemwe ntchito yake ndi kutsitsa shuga m'magazi. Gawo limodzi mwa magawo 10 a galamu pa kilogalamu iliyonse ya galuyo n'lokwanira kugwetsa shuga wake, kutanthauza galamu imodzi yokha kwa galu wa makilogalamu 10, ndipo mlingo ukakwera kasanu chiwindi chimaonongeka. Amayamba kusanza, kudzandira ndi kugwa khunyu, kawirikawiri ola lisanathe. Galu akang'amba chikwama n'kudya paketi, tengani paketiyo pamodzi ndi galuyo kwa dokotala wa ziweto osadikira zizindikiro.

Za aspartame, chotsekemeretsa china cha m'chingamu chopanda shuga, mauthenga a pa WhatsApp anachuluka mu 2023, pamene nthambi ya WHO yofufuza za khansa inamuika m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa, gulu la umboni wochepa. Nthawi yomweyo komiti ina ya akatswiri yoona za zothira m'zakudya inasiya mlingo wololedwa pomwe unali, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku. Kwa munthu wa makilogalamu 60 amenewo ndi mamiligalamu 2,400, pomwe m'kachidutswa ka chingamu muli mamiligalamu owerengeka. Nsagwada ingatope kalekale munthu asanafike pa mlingowo. Oyenera kumupewa ndi obadwa ndi matenda osowa otchedwa phenylketonuria, n'chifukwa chake paketi imachenjeza za phenylalanine, gawo la aspartame limene limawavulaza.

Nsagwadayo ndi imene ambiri amaiiwala. Ikani zala kutsogolo kwa makutu onse awiri, muyasamule pang'onopang'ono. Chimene mukumva chikuyenda pansi pa zalazo ndi mfundo ya nsagwada, ndipo m'kati mwake muli kachichereche kamene kamatsetsereka pamodzi ndi fupa. Minofu yotafunira ili m'masaya ndi m'litsipa. Inalengedwa kuti igwire ntchito pa nthawi ya chakudya n'kupuma, ndipo munthu akakhala chete mano apamwamba ndi apansi sayenera kukhudzana. Wotafuna maola anayi kapena asanu patsiku, makamaka mbali imodzi chifukwa mbali inayo kuli dzino lowawa, amayamba kumva kuti khakha poyasamula, ululu kutsogolo kwa khutu umene amauyesa matenda a khutu, ndi mutu wa m'litsipa madzulo. Munthu wabwinobwino amatha kulowetsa zala zitatu zoimika pakati pa mano akutsogolo. Zikamakanika, minofu yaumitsa. Kafukufuku wina wochepa wa ku Israel anatsata ana ndi achinyamata 30 odwala mutu pafupipafupi amene ankatafuna tsiku lililonse. Atasiya kwa mwezi umodzi, 26 anapeza bwino. Anthu 30 ndi ochepa, koma kuyesa kwake n'kwaulere. Siyani chingamu masabata anayi, thowani ndi kansalu ka madzi ofunda mphindi 10 mpaka 15 kawiri patsiku, idyani zofewa, ndipo nzimbe, chimanga chokazinga ndi nyama ya mitsempha zidikire. Nsagwada ikamakanirira osatseguka kapena osatsekeka, imeneyo ndi ya kuchipatala. Anyamata amene akutafuna chingamu cholimba chimene amachiona pa TikTok kuti nkhope iumbike adziwe kuti fupa silisintha, chimene chimabwera ndi ululu womwewu.

Amene ali ndi mawaya owongolera mano, mano ochita kuvala kapena dzino lomatidwa mongoyembekezera afunse kaye dokotala wawo, chifukwa chingamu chimapinda waya ndipo chimazula chomatacho. Mano omatidwa ndi chitsulo chotuwa chija amatulutsa mercury wochepa, yemwe ndi poizoni akachuluka m'thupi, munthu akamatafuna. Kwa wotafuna mphindi 20 katatu patsiku si nkhani yodetsa nkhawa, koma wokhala ndi mano ambiri otere asamatafune tsiku lonse.

Pa chilungulira chingamu chimagwira mbali ziwiri. Malovu ochuluka amatsuka asidi amene wakwera kummero, ndipo kutafuna theka la ola pambuyo pa chakudya kumathandiza ambiri. Kwa ena fungo la peppermint limamasula kakhomo ka pamwamba pa chifu, chilungulira n'kukula, ndiye ayese mtundu wina. Wotafuna chotsegula pakamwa, akulankhula, amamezanso mpweya wambiri, n'kumadabwa kugeya kosatha.

Amayi ena amadabwa namwino akawapatsa chingamu atabereka mwa opaleshoni. Si nthabwala. Pambuyo pa opaleshoni ya pamimba matumbo amagona kwa kanthawi, ndipo kutafuna kumanamiza thupi kuti chakudya chikubwera, matumbo n'kudzuka msanga. Kawirikawiri amatafunitsa katatu patsiku, mphindi 15 mpaka 30. Koma achibale musakagule nokha n'kupatsa wodwala amene akadali ndi tulo ta mankhwala, angatsamwe. Funsani a namwino. Wopita ku opaleshoni atsate zimene wauzidwa za kusala, ndipo ngati watafuna anene, chilavulidwe asanagonekedwe.

Pali chingamu china chimene ndi mankhwala enieni, cha chikonga, chothandiza kusiya fodya. Chinayambira ku Sweden, ndipo WHO inachiika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2009. M'dziko la fodya ngati lino, kumene makolo athu ambiri anadzera m'mafamu a fodya, osuta ndi ambiri, ndipo ambiri amene anachiyesa amati sichigwira. Vuto limakhala katafunidwe. Chimabwera cha mamiligalamu 2 ndi cha 4. Wosuta ndudu zopitirira 20 patsiku, kapena amene amayatsa yoyamba pasanathe mphindi 30 chidzukireni, amafunika cha 4. Chikonga chake chimalowera m'khungu la m'kamwa, osati m'mimba. Tafunani pang'onopang'ono mpaka mumve kuyabwa ngati tsabola, muime, muchikankhire pakati pa tsaya ndi nkhama. Kuyabwa kukazilala tafunaninso pang'ono, muchisungenso mbali ina, choncho kwa theka la ola, kenaka mutaye. Wochitafuna mofulumira ngati Chappies amameza chikonga ndi malovu, ndiye amachita chidikhodikho, nseru ndi kutentha pakhosi, pomwe chilakolako cha ndudu chili pomwepo. Khofi, zoziziritsa kukhosi ndi madzi a zipatso zimaika asidi m'kamwa ndipo chikonga sichilowa, choncho musamwe kanthu kupatula madzi kwa mphindi 15 musanatafune ndiponso pamene mukutafuna. Cholakwa china ndi kuumira. Anthu amatafuna tiwiri kapena titatu patsiku poopa mtengo, n'kubwerera ku fodya sabata isanathe. Masabata oyamba pamafunika tizidutswa 8 mpaka 12 patsiku, osapitirira chiwerengero cholembedwa papepala la m'paketi, kenaka kumachepetsa pang'onopang'ono mpaka pa miyezi itatu. Amayi oyembekezera ndi amene adwala mtima posachedwa ayambe aonana ndi dokotala. Ndipo chisungidwe pokiya, chifukwa mwana sasiyanitsa, ndipo kwa iye chikonga ndi poizoni.

Madalaivala a mabasi ndi mathiraki a msewu wa Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza amakonda chingamu pothamangitsa tulo. Chimagalamutsa kwa kanthawi, inde, koma ngongole ya tulo sichibweza. Maso akayamba kulemera, imani pamalo abwino mugone mphindi 20. Okwera ndege chimawathandiza kutsegula makutu potera chifukwa cha kumeza malovu. Ofuna kuchepetsa thupi asadzivute, ola lathunthu lotafuna limawotcha makalori 11 okha.

Fungo la m'kamwa chingamu chimangoliphimba kwa mphindi zochepa. Gwero lake nthawi zambiri ndi litsiro la kumbuyo kwa lilime ndi matenda a nkhama. Palani lilime ndi mswachi kuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo, ndipo nkhama zikamatuluka magazi potsuka musaleke kutsukako, pitani akakuchotseni litsiro louma la m'tsinde mwa mano.

Chikamatirira m'tsitsi la mwana musathamangire lumo. Pakanipo mafuta ophikira kapena chiponde, dikirani mphindi zisanu, mupese ndi chipeso cha mano otalikirana kuyambira kunsonga, kenaka musambitse ndi sopo. Pa yunifolomu ikanipo ayezi mpaka chiume gwa, mupale ndi msana wa mpeni. Chotafunidwa kale sichiwola, n'chifukwa chake dziko la Singapore linaletsa kugulitsa chingamu mu 1992, n'kudzalola cha mankhwala chokha mu 2004. Ife sitikupempha lamulo lotero, koma kapepala kamene chabweramo kasungidwe m'thumba kuti kakulungire polavula, chisathere pansi pa desiki, pa mpando wa kombi kapena pabwalo pamene pakukwawa mwana.

Ndife,
Ogwira ntchito za mano ndi za mankhwala,
Harare